Masamba Awiri Amene Ndinalumpha

Nyumba ya aphunzitsi inali pamwamba pa chitunda chimene basi imakwera ikubuula. Sheffield ndi mzinda wa zitunda, ndipo ine wobadwira ku Dedza ndinkati mapiri ndikuwadziwa, koma kwathu sitikwera phiri titavala majekete awiri, mvula ikutimenya cham'mbali. Ndinkafika pakhomopo ndili wefuwefu, n'kutsegula kabokosi ka kiyi ka pakhoma, n'kulowa ndikufuula moni kuti asadzidzimuke.

Ndinkawatchula aphunzitsi chifukwa anaphunzitsa pa yunivesite moyo wawo wonse. Iwo ankafuna ndiziwatchula dzina lawo loyamba monga amachitira anthu a kuno, koma lilime langa linakana. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, imvi mbuu, ine n'kumamuitana dzina ngati mwana wa mchemwali wanga? Tinakangana sabata yoyamba, yachiwiri anagonja. Anali mayi wamfupi, wowonda, wa pakamwa pakuthwa. Maso awo anali atatha. Ankangoona kuwala kwa pawindo ndi mthunzi wa munthu, basi.

Ntchito yanga kwa iwo inali ya masiku onse ya ife osamalira okalamba m'makomo: kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kutenthetsa chakudya, kulemba pafoni zimene ndachita. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi masana, mwana wawo wamkazi wokhala ku London anawonjezera maola awiri oti ndizingocheza nawo. Tsiku loyamba ndinabwera nditakonzeka kukamba za nyengo. Iwo anandidula pakamwa.

"Mumatha kuwerenga mokweza?"

Funso limenelo linandipsetsa mtima. Ndinaphunzitsa Chingerezi ku pulayimale zaka khumi ndi zinayi ndisanabwere kudzapukuta anthu kuno. Ndinawauza zimenezo, mwina mokweza kuposa mmene zinafunikira. Anaseka, n'kundilozera kachipinda ka pafupi ndi khitchini.

M'kachipindamo munali makatoni asanu ndi imodzi odzaza mapepala a fotokope, ena atachita chikasu, ena zilembo zikuzimirira. Anandiuza kuti zonsezo zinali nkhani zazifupi zolembedwa ndi akazi a kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Nthawi imeneyo, anatero, magazini anabuka ambirimbiri, ndipo ankafuna nkhani zoti munthu aziwerenge n'kumaliza asanatsike sitima. Akazi analowera pamenepo. Buku lalikulu limafuna miyezi ya mtendere, koma nkhani yaifupi ukhoza kuilemba pathebulo lomwe umasenderapo mbatata, mwana akagona masana. Ambiri sankasayina mayina awo enieni. Ena ankabisala m'dzina lachimuna, ena ankangoika zilembo ziwiri. Magazini aja atafa, nkhanizo zinafa nawo limodzi.

Aphunzitsi anayenda malaibulale ambiri akadali ndi mphamvu, akujambula nkhanizi. Zambiri anazijambula mothamanga, osaziwerenga, n'kumati adzaziwerenga akadzapuma ntchito. Atapuma, amuna awo anadwala, n'kuwadwazika zaka. Amunawo atamwalira, maso nawo anayamba kuchita chifunga. Tsopano mwana wawo anali atawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba kufupi ndi kwake, ndipo nyumba ya pachitundayo inali yogulitsa. Mayi wina amene anali wophunzira wawo kalekale analonjeza kusindikiza buku la nkhani zimene aphunzitsi angasankhe. Anati adzabwera kudzatenga katoni imodzi yokha. Zotsalazo zinali za mu bini ya buluu, ija ya mapepala, chifukwa kumene ankapitako kunalibe malo ngakhale a mpando wawo.

"Ndiye maso anga ndinu," anatero. "Inu muziwerenga, ine ndiziweruza."

Tinkachita motere. Iwo ankakhala pampando wa pawindo, bulangete pamiyendo, maso atatsinzina. Ine ndinkawerenga. Ndikamaliza ankangonena liwu limodzi: "Katoni," kapena "Bini." Nkhani ikapambana, ankandiuza chifukwa chake, ine n'kulemba pakakadi, n'kupanira pamwamba pa nkhaniyo. Popanda kakadi, nkhani sinkalowa m'katoni.

Poyamba ndinkayasamula chamumtima. Azimayi ovala magulovu akumwa tiyi, akuyang'anana masamba atatu osanena kanthu. Ndinkati anthu amenewa chinawavuta n'kusowa munda woti akalime. Koma pang'onopang'ono ndinayamba kukumana ndi anthu owadziwa. Mtsikana wochoka kumudzi kudzagwira ntchito m'sitolo ya mumzinda, wogona m'kachipinda kozizira ka pansi pa denga, wolembera kwawo kalata yoti zonse zili bwino. Namwino wosamalira nkhalamba yolemera imene sinamufunsepo n'komwe kuti kwawo n'kuti. Zoterezi ndinkaziwerenga pang'onopang'ono, ndipo aphunzitsi ankamva.

"Imeneyo mwaikonda," ankatero. "Koma ndi yofooka. Bini."

Tinkakangana ndithu. Kawiri konse ndinapambana ine, ndipo ndinatsika chitunda chija ndikuyimba.

Nkhani imene ndikufuna kunenayi tinaipeza Lachinayi lina, kutatsala sabata imodzi kuti mayi wa buku uja abwere. Inali ya masamba asanu ndi anayi. Wolemba wake anangosayina zilembo ziwiri, ndipo aphunzitsi anati sakukumbuka ngakhale laibulale imene anaijambulako. Inkakamba za mkazi wa mwini sitolo ya nsalu amene wangobereka mwana wachisanu ndi chimodzi. Wagona m'chipinda cha pamwamba, akumva dokotala akunong'oneza mwamuna wake pamasitepe kuti mimba ina idzamupha. Mwamunayo akuvomera, akuthokoza dokotala, ndipo mawa lake akubwera ndi chipewa chatsopano cha nthenga, mphatso ya mkazi wake. Aphunzitsi anali atatsegula maso, chizindikiro choti nkhani yawagwira.

Aliyense amene anaphunzitsapo kalasi amadziwa kuti powerenga mokweza maso amatsogola, pakamwa n'kumatsatira. Ndiye ndinaona zimene zinkabwera ndisanazitchule. Tsamba lachisanu ndi chimodzi linayamba ndi mkazi uja akuuza mwamuna wake, maso ndi maso, zimene zinachitika pathupi pake pobereka. Sankazungulira ayi. Chilichonse ankachitchula ndi dzina lake.

Musandione ngati munthu wamanyazi. Ndakhalapo mlangizi pa maukwati angapo, kwathu ndi kuno komwe. Tikatseka chitseko amayi okhaokha, mawu amene ndimatulutsa ine, mwamuna atawamva akhoza kuthawa n'kusiya nsapato. Koma mawu alionse ali ndi malo ake. Za kuchipinda, za magazi a mkazi, za mmene thupi limang'ambikira pobereka, mwana sazinena pamaso pa mayi wake. Kumeneko ndi kulaula. Ngakhale wailesi ikayamba zoterozo uli ndi apongozi, umanyamuka kukaona ngati madzi awira. Ndipo amene anakhala patsogolo pangawo anali munthu wa msinkhu wa amayi anga, masanasana, tiyi ali pathebulo.

Ndinatsokomola. Ndinamwa madzi. Zala zanga zinagwira masamba awiri pamodzi n'kuwatembenuza. Mwatsoka, kapena mwamwayi monga ndinaganizira nthawi imeneyo, tsamba lotsatira linayamba bwinobwino ndi m'mawa wa Lamulungu. Mkazi uja wavala chipewa chija, akupita kutchalitchi pambali pa mwamuna wake, ana akutsatira pambuyo, anthu akuyamikira nthenga. Nkhani inathera pomwepo.

Aphunzitsi anausa moyo.

"Winanso wogulidwa ndi chipewa," anatero. "Ndinayesa ndapeza munthu. Anayamba bwino, kenako anachita mantha. Ambiri ankatero. Ena ankadulidwa ndi akonzi a magazini, ena ankadzidula okha asanadulidwe. Ameneyu ndi wamantha. Bini."

Wamantha. Liwu limenelo linandipeza. Wamantha anali ine, koma mlandu unagwera munthu amene anafa kalekale, woti sangadziyankhire.

Ndinapita kukhitchini kukatereka ketulo, mapepala aja ali m'manja. Bini inali panja pa chitseko cha kuseri, mapazi asanu okha. Ndinati ndingowerenga kaye masamba awiriwo chamumtima, ndidziwe chimene ndikutaya. Ndinawawerenga chiimire, ketulo ikulira.

Mkazi uja anauza mwamuna wake mmene anang'ambikira, mmene magazi anadutsira matiresi mpaka kudontha pansi, mmene sangathenso kugwira mkodzo akatsokomola, mmene mtima wake umaimira akamva nsapato za mwamunayo zikukwera masitepe. Anamuuza kuti anamva zonse zimene dokotala ananena. Anati kuyambira tsiku limenelo azigona kuchipinda cha ana, chitseko chokhoma, ndipo mwamunayo akafuna kukanena kwa abusa kapena kwa amayi ake, akanene, iye adzabwereza mawu omwewo pamaso pawo. Anati chipewa avala, kutchalitchi apita naye, koma akufuna kuona ana ake asanu ndi mmodzi akukula.

Ketulo inazima yokha ine ndili chiimire. Ndinali nditabwerera kuseri kwa nyumba yathu, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndikutsuka mbale. Amayi anga anali atangobwera kuchipatala ndi mwana wachisanu ndi chitatu, ndipo anamwino anali atawauza kuti basi, asaberekenso. Anaitanitsa ankhoswe, amalume ndi achimwene awo a bambo. Khoma linali lopyapyala, ndinkamva zonse. Amayi anayamba kuuza amalume kuti, "Achimwene, thupi langa latha. Pobereka uyu ndi..." Sanamalize. Amalume anakweza mawu. "Mlongo, mukulaula. Zimenezo si zonena pamaso pathu. Banja ndi kupirira." Amayi anakhala chete. Sindinawamvenso akuyambitsa nkhaniyo. Patapita zaka ziwiri anamwalira akubereka mwana wachisanu ndi chinayi, ndipo mwanayo naye sanakhale.

Zaka zonsezi ndinkawakwiyira amalume aja. Pamaliro awo sindinagwetse msozi. Ndiye ndinadzipeza m'khitchini ya mzungu, dziko la eni, nditachita ndendende zimene anachita iwo, ndiponso ndi chifukwa chomwecho: ulemu. Zinandiwawa kwambiri. Mapepalawo sindinawaponye mu bini. Ndinawapinda n'kuwabisa m'dirowa, pansi pa timataulo topukutira mbale.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinakokera pambali mnzanga wa ku Zambia, wa ku Chipata, amene timagwira ntchito pa kampani imodzi. Ndi munthu woti sakubisira kanthu, ngakhale sunamufunse. Ndinamufotokozera zonse tikudikira tramu, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda.

"Iwe," anatero, "manje ufuna kuziitanila mavuto pa pepala chabe? Ukabauza ati unajumpa ma page, mwana wabo azakuchita report ku office. Bazakuchosa pa rota ya ma shift. Manje visa yako?"

"Ndiye ndimuphe kawiri munthuyo?"

"Ndani?"

"Wolembayo."

"Ah, uja anafa kudala! Mvera, faka chabe mu box mwamene. Si baona. Bonse muzankala happy."

Sindinama, nzeru imeneyo ndinaitembenuza m'mutu ulendo wonse. Inali yophweka. Ndikanalemba kakadi ndekha, n'kulowetsa nkhaniyo pakati pa zinzake, palibe akanadziwa. Koma kumeneko kukanakhala kumubera wakhungu kachiwiri, koyamba pochotsa, kachiwiri poika. Komanso mayi wa buku uja akanadzafunsa za nkhaniyo, aphunzitsi akanati ndi ya wamantha uja wa chipewa, yalowa molakwika, ichotsedwe. Nkhaniyo inkafunika kulowa m'katoni ndi pakamwa pa mwini katoni. Ndipo kuti itero, masamba awiri aja ankayenera kudutsa pakamwa panga. Njira ina panalibe.

Za viza ndinkaziopa, musaganize kuti ndine mwala. Ndili ndi ana awiri ku Lilongwe amene amadalira shifiti zanga. Koma chimene chinkandiumitsa kwenikweni si chimenecho. Ndinkadziwa kuti ngakhale nditaulula, lilime langa likhoza kukana pa mzere woyamba womwe.

Ndiye ndinayamba kuliphunzitsa. Lolemba m'mawa, phala lawo likutentha, ndinatulutsa mapepala m'dirowa n'kuwerenga ndi milomo yokha. Aphunzitsi anafuula ali pabalaza kuti kodi phala likuchokera ku Scotland. Mu tramu ndinkabwereza mawu ovuta aja nditakulunga sikafu kukamwa, mpaka bambo wina amene ndinakhala naye pafupi anasamukira mpando wina. Kunyumba ndinkawanena mokweza ndikusita yunifomu. Ndekha ankatuluka bwinobwino. Ndikangoyerekeza imvi zija patsogolo panga, ankabwerera kukhosi.

Lachiwiri masana ndinalowa nditamanga mtima. Ndinakhala pansi, ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, "Lero tiyambe katoni iti?" Tinawerenga nkhani zinayi. Ndinatsika chitunda ndikudzitukwana ndekha. Mayi wamkulu, mphunzitsi, mlangizi wa maukwati, kugonja ndi mapepala awiri! Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo kandimverere ameneyo ndinali ine. Kunatsala Lachinayi lokha. Lachisanu m'mawa katoni inkachoka.

Lachinayi kunagwa mvula ya mtundu uja wosanyowetsa msanga koma wolowa m'mafupa. Pabalaza panali patadzaza kale zikwama ndi makatoni a ziwiya, mashelefu ali mbee. Sindinavule n'komwe jekete. Ndinapita kukhitchini, ndinatenga mapepala aja, ndinabwerera, ndipo ndinachita chimene thupi langa limadziwa kuchita likalakwira wamkulu. Ndinagwada pakapeti.

"Aphunzitsi, ndili ndi mawu."

Anapendeketsa mutu. "Bwanji mawu anu akuchokera pansi?"

"Ndagwada."

"Dzukani. Mawondo amenewo ndikuwafuna mawa posamba."

Sindinadzuke. Ndinawauza kuti nkhani ya chipewa ija sindinaiwerenge yonse. Ndinati ndinalumpha masamba awiri mwadala, ndipo sindinaitaye, ili m'manja mwangamu.

Ndinali nditawaonapo atakwiya, ndi mankhwala, ndi mwana wawo, ndi wailesi. Uku kunali kukwiya kwina. Nkhope inafiira kuyambira m'khosi, ndipo mawu anatuluka otsika.

"Kangati?"

"Kamodzi kokha."

"Ndingadziwe bwanji?"

"Simungadziwe," ndinatero. "Muli ndi mawu anga okha."

Anatembenukira kuwindo. Kunja galimoto inadutsa ikumwaza madzi. Ndinkamva wotchi ya kukhitchini, imene sindinali nditaimvapo chiyambire kubwera m'nyumbamo.

"Aliyense amandisankhira masiku ano," anatero. "Chovala amandisankhira, chakudya amandisankhira, kokafera andisankhira. Chinatsala ndi ichi chokha. Ndinkati pano pokha ndikusankha ndine."

Zinali zoona.

"Khalani pampando," anatero. "Werengani. Kuyambira poyamba. Mukangotsokomola ndikudziwani."

Masamba asanu oyamba ndinawawerenga ngati munthu wopita kokazulidwa dzino. Dokotala pamasitepe, chipewa cha nthenga. Kenako tsamba lija. Nyumba inali yozizira koma thukuta linkatsika kumsana. Mzere woyamba unatuluka wopyapyala, ngati si wanga. Pa liwu lachinayi kapena lachisanu, lija lotchula malo amene mkazi anang'ambika, ndinaima. Lilime linalemera. Ndinamva amalume m'khutu mwanga, bwinobwino, ndi kamvekedwe kawo komwe. Ndinayang'ana aphunzitsi. Maso awo osaonawo anali pa ine, akudikira.

Ndinapsa mtima. Sindikudziwa kuti ndinapsera ndani, amalume, bambo anga, mwini sitolo ya nsalu kapena ine ndemwe, koma mkwiyowo ndi umene unatsegula kukhosi. Ndinalitchula liwulo. Denga silinagwe. Ndinatchula lotsatira. Ndinawerenga za magazi, za matiresi, za mkodzo, za nsapato pamasitepe, ndipo pofika pamene mkaziyo akuti adzabwereza mawu omwewo pamaso pa abusa, ndinali ndikuwerenga ndi mawu anga a m'kalasi, aja ofika kumbuyo kwa ana makumi asanu ndi atatu. Misozi inkatsika koma mawu sanagwedezeke. Sindinatsokomole.

Nditafika pa Lamulungu lija, chipewa chinali chomwecho, tchalitchi chomwecho, anthu oyamikira nthenga omwewo. Koma mkazi woyenda pambali pa mwamuna wakeyo sanali uja tinamuponya mu bini sabata yatha. Uyu anali atanena zake, ndipo ankayenda wamoyo.

Aphunzitsi anali atagwira mkono wa mpando mwamphamvu, mitsempha ili poyera.

"Katoni," anatero. "Pamwamba penipeni."

Kenako anaseka kaseko kowawa. "Zaka zonse zija ndinkauza ophunzira kuti payenera kuti panali mmodzi amene ananena zimenezi osabisa. Ndinkamufuna m'malaibulale a dziko lonse lino. Iye ali m'kachipinda kanga, pafupi ndi makina ochapira." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete. "Tsopano ndiuzeni. Munalumphiranji?"

Ndinayesa kuwafotokozera za kwathu, kuti mwana satchula zoterozo pamaso pa wamkulu, kuti ndinkawapatsa ulemu.

"Ulemu wanuwo unatsala pang'ono kundibera chinthu chabwino kuposa zonse m'nyumba muno," anatero.

"Ine unandibera amayi anga," ndinayankha.

Sindinakonzekere kunena zimenezo. Zinangotuluka. Ndiye ndinawauza zonse, za khoma lopyapyala, za mbale zimene ndinkatsuka, za chiganizo chimene amayi sanamalize, za mwana wachisanu ndi chinayi. Nkhani imeneyi sindinali nditauzapo munthu, ngakhale mwamuna wanga. Aphunzitsi, amene ankadula aliyense pakamwa, sanandidule ngakhale kamodzi.

Ku ofesi sanakandinenere. Komanso sananene kuti andikhululukira, sanali munthu wa mawu oterowo. Chimene anachita n'chakuti anafufuza ndi dzanja pathebulo mpaka anapeza mulu wa timakadi, anatengapo kamodzi, n'kutambasulira dzanja kumene kunkachokera mawu anga.

"Aka mulembe ndinu," anatero. "Ine ndinamuweruza kale molakwa. Lembani chifukwa chake akulowa m'buku. Mukatero mundiwerengere, mawu onse."

Ndinagwira cholembera nthawi yaitali. Dzina la wolembayo sitinkalidziwa, ndipo mpaka lero sindilidziwa. Sindikudziwa ngati anali ndi ana, ngati zimene analembazo zinamuchitikira iye kapena mchemwali wake, ngati mwamuna wake anadziwa kuti zilembo ziwiri za m'magazini zija ndi za mkazi wake. Ndinalemba mzere umodzi wokha, m'Chingerezi changa cha pabolodi, n'kuwawerengera. Ndinati mkazi wa m'nkhaniyi anafuna kukhala ndi moyo, ananena, ndipo palibe amene anamudula pakamwa.

"Onjezani kuti wina anayesa," anatero aphunzitsi.

Ndinaonjezera.

Lachisanu m'mawa ndinali ndikuwapesa tsitsi pamene mayi wa buku uja anagogoda. Katoni ndinainyamula ndine mpaka kugalimoto yake, nditaifunditsa jekete langa chifukwa cha mvula. Ndisanaitseke ndinawerenga masamba a nkhani ya pamwamba ija ndi chala, limodzilimodzi. Anakwana asanu ndi anayi.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene amayi anga analili pomwalira. Chiganizo chawo chija sindidziwa kuti chikanatha bwanji. Ndakhala ndikuchimaliza ndekha m'njira zambirimbiri, ndipo palibe imene ndingalumbire kuti ndi yawo. Cha mayi wa chipewa uja chokha ndi chimene ndinakwanitsa kubweza, ndipo ndinachibweza chathunthu, mokweza, pamaso pa wamkulu.